Madigiri 30 a ku Lilongwe ndi madigiri 30 a ku Nkhata Bay: nkhani ya chinyezi cha mumpweya

A zanyengo akalengeza pawailesi kuti ku Lilongwe kutentha kufika madigiri 30 ndipo ku Nkhata Bay nakonso 30, munthu angaganize kuti anthu a madera awiriwa amva zofanana. Amene anakhalako konseko amadziwa kuti si choncho. Ku Lilongwe mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo, koma mukangothawira pamthunzi wa mango thupi limayamba kupeza bwino, ndipo zovala zochapa m'mawa zimauma nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Ku Nkhata Bay mu Malichi mthunzi suthandiza kwenikweni. Malaya amamatirira kumsana, mukangotuluka kubafa thukuta layambiranso, thaulo limagona lonyowa mpaka kuyamba kafungo. Chipangizo choyezera kutentha chimanena zoona m'malo onse awiri, koma sichitiuza kuchuluka kwa madzi amene ali mumpweya. Madzi amenewa ndi amene amalamula mmene thupi limadziziziritsira, mmene chimanga chimasungikira, matenda amene amavuta, ngakhalenso nyumba yoyenera kumanga.

Mpweya umanyamula madzi ochuluka bwanji

Mpweya umene timapuma umakhala ndi madzi amene asanduka nthunzi yosaoneka. Madziwa ali ndi malire, ndipo malirewo amasintha malinga ndi kutentha. Tiyerekeze bokosi lotalika mita imodzi mbali zonse. Mpweya wodzaza bokosi limeneli ukakhala pa madigiri 10 umatha kusunga madzi pafupifupi magalamu 9. Pa madigiri 20 umasunga magalamu 17, pa madigiri 30 magalamu 30, ndipo pa madigiri 40 umapitirira pang'ono magalamu 50. Mpweya wotentha uli ndi malo ambiri osungira madzi kuposa wozizira.

Ndiye foni ikamanena kuti chinyezi chili pa 80 peresenti, ikutanthauza kuti mpweya wanyamula magawo 80 pa 100 a madzi amene ungathe kunyamula pa kutentha kwa nthawi imeneyo. Apa ndi pamene ambiri timasocherera. Tinene kuti ku Dedza m'mamawa wa mu Juni kuli madigiri 10 ndipo chinyezi chili pa 90 peresenti: m'bokosi lija muli madzi magalamu 8 okha. Tinenenso kuti ku Nchalo masana a mu Januwale kuli madigiri 35 ndipo chinyezi chili pa 50 peresenti: mmenemo muli magalamu pafupifupi 20. Nambala yaing'onoyo ndi imene ili ndi madzi ambiri. Mpweya wa ku Dedza uja dzuwa likangoutenthetsa umakhala ndi ludzu, n'kuyamba kuyamwa madzi pakhungu, pamilomo ndi pachilichonse chonyowa. Zili ngati nsanza yokolopera: youma imayamwa madzi onse pansi, yonyowa kale imangowasuntha.

Mpweya ukazizira mpaka kulephera kusunga madzi ake, umawataya. Mame a m'mawa, nkhungu ya m'mapiri, timadontho ta pabotolo lochokera mufiriji ndi madzi odontha kumalata usiku kunja kulibe mvula, zonsezi zimachokera pamenepa. Mlingo wa kutentha umene zimenezi zimayambira ndi umene mafoni amalemba kuti dew point, ndipo kwa ine ndi nambala yothandiza kuposa peresenti ija, chifukwa siyendera kukwera ndi kutsika kwa dzuwa. Ikakhala pansi pa madigiri 10 mpweya ndi wouma. Ikapitirira 20 thupi limayamba kumata. Ikafika 24 kupita m'tsogolo, kunja kuli chitungu chenicheni. Wopanda foni angoyang'ana botolo lozizira: likachita thukuta nthawi yomweyo mpaka kunyowetsa tebulo, mpweya wadzaza madzi.

Chifukwa chake madera oyandikana amasiyana

Chinyezi chambiri cha kuno chimabwera ndi mphepo yochokera kunyanja ya India, ndipo m'dzinja chimawonjezereka ndi mpweya wochokera kunkhalango za ku Congo. Mphepo ya mwera ikamadutsa panyanja ya Malawi imatolanso madzi ena. Ikafika ku Nkhata Bay imapeza mapiri a Viphya ataima patsogolo, ndiye imakwera. Mpweya ukamakwera umazizira, pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 aliwonse, ndipo ukazizira umataya madzi. N'chifukwa chake derali limalandira mvula yoposa mamilimita 1,500 pachaka, ndipo imagwabe mpaka mu Meyi pamene kwina anthu ayamba kale kukolola. Mitengo ya labala ya ku Vizara ndi tiyi wa ku Kawalazi zili kumeneko pa chifukwa chimenechi. Mphepo yomweyo ikadutsa mapiri n'kutsikira kuzigwa za Mzimba ndi Rumphi imakhala itakhuthula kale, ndiye kumeneko mvula imachepa. Ku Mulanje n'chimodzimodzi: mbali yoyang'ana mphepo, kumene kuli minda ya tiyi, imalandira mvula yambiri kuposa mbali ya Phalombe. Chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, chija chimaletsa zovala kuuma ku Thyolo ndi ku Blantyre, ndi mpweya wonyowa wa kunyanja ya mchere umene wakwera mapiri n'kuzizira.

Ku Lilongwe, Kasungu ndi Mchinji mvula ya chaka chonse imagwa m'miyezi isanu, kenako kumauma kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Munthu wa kumeneko amakhala m'dera lachinyezi ndi m'dera louma chaka chimodzi, osasamuka.

Tisasokonezenso kuchepa kwa mvula ndi kuuma kwa mpweya. Chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, ndi limodzi mwa madera olandira mvula yochepa m'Malawi, ndipo mitengo ya mlambe, mapira ndi thonje zimachitira umboni. Koma chigwachi chili chotsika kwambiri, moti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo dzinja likalowa mpweya wonyowa umadzaza chigwacho pamwamba pa madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi. Anthu a kumeneko amalandira zowawa zonse ziwiri. Ku Dubai ndi ku Doha, kumene abale athu ena akugwira ntchito masiku ano, ndi chipululu cha mvula yochepa kwambiri, koma mu Ogasiti mpweya wochokera panyanja yofunda ya Persian Gulf umakhala wonyowa moti magalasi a m'maso amachita nkhungu munthu akangotuluka panja.

Thukuta limathandiza likauma

M'kati mwa thupi la munthu mumafunika kukhala madigiri pafupifupi 37. Thupi limapanga kutentha nthawi zonse, ngakhale munthu ali mtulo, ndipo wolima kapena wosenza matumba amapanga kochuluka kangapo. Kunja kukakhala kozizira, kutenthaku kumangotuluka kudzera pakhungu. Koma mpweya ukafika pa madigiri 35, omwe ndi pafupifupi kutentha kwa khungu lenilenilo, njira imeneyi imatsekeka. Imatsala ndi ya thukuta yokha.

Madzi akamasanduka nthunzi amatenga kutentha pamalo pamene ali. Lita imodzi ya thukuta ikaumira pakhungu imachotsa kutentha kokwanira kutenthetsa malita pafupifupi 7 a madzi ozizira mpaka kufika powira. Koma thukuta lotsetsereka n'kugwa pansi, kapena lopukutidwa ndi mpango, limapita lisanagwire ntchito yake. Mumpweya wonyowa thukuta limachedwa kuuma, thupi limatulutsa lina, nalonso osauma, ndipo mtima umagunda mothamanga pokankhira magazi kukhungu. Malinga ndi mawerengedwe amene a zanyengo amagwiritsa ntchito, madigiri 30 pa chinyezi cha 40 peresenti thupi limawamva ngati 30 omwewo, pa 70 peresenti limawamva ngati 35, ndipo pa 80 peresenti ngati 38. Kutopa kwa kunyanja kuja, kumene alendo ena amafulumira kukutcha ulesi, gwero lake ndi limeneli.

Asayansi amayeza malire a thupi pokulunga kansalu konyowa kumutu kwa chipangizo choyezera kutentha n'kuchisiya pamphepo. Mpweya ukakhala wouma kansaluko kamauma msanga ndipo nambala imatsika kwambiri. Ukakhala wonyowa nambalayo siyitsika kwenikweni. Mu 2010 Steven Sherwood ndi Matthew Huber anaonetsa kuti nambala imeneyi ikakhala pa madigiri 35 kwa maola angapo, ngakhale munthu wathanzi wokhala pamthunzi, wosagwira ntchito, wokhala ndi madzi akumwa okwanira, sangathenso kutaya kutentha kwa m'thupi. Kafukufuku wa ku Pennsylvania State University wa mu 2022, amene anaika achinyamata athanzi m'zipinda zotentha, anapeza kuti thupi limayamba kugonja kale pafupi ndi madigiri 31. Ku Jacobabad m'dziko la Pakistan ndi ku Ras al-Khaimah m'dziko la United Arab Emirates nambalayi inafikapo pa 35 kwa kanthawi kochepa. Boma la Qatar linaletsa ntchito zapanja kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3:30 masana, kuchokera pa 1 Juni kufika pa 15 Seputembala.

Agogo athu amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela anakumana ndi zimenezi sayansiyi isanatchuke. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Pansi pa mgodi wa golide thanthwe limatentha, ndipo m'migodi yakuya kwambiri limafika madigiri 60. Pofuna kuchepetsa fumbi lowononga mapapo ankathira madzi paliponse, ndiye mpweya unkakhala wotentha ndi wonyowa nthawi imodzi. Anthu ankafa ndi kutentha, makamaka obwera kumene. Eni migodi anamanga zipinda zotentha zodzaza nthunzi, mmene munthu watsopano ankakwera ndi kutsika pasitepe kwa maola angapo patsiku, masiku angapo otsatizana, akumuyeza kutentha kwa thupi, asanamulole kulowa pansi. Ambiri ankadana nayo njirayi, ndipo inalidi yochotsa ulemu. Koma mfundo imene inali kumbuyo kwake ndi yoona: pakatha sabata imodzi kapena ziwiri thupi limazolowera, limayamba kutuluka thukuta msanga, lambiri, lokhala ndi mchere wochepa. Mphunzitsi kapena namwino amene wangosamutsidwa kuchoka ku Dedza kupita ku Nsanje asadziyerekeze ndi eni dera m'masiku oyambawo.

Kudera louma vuto limabwera mozemba. Thukuta limauma nthawi yomweyo, munthu osaliona, ndiye amaganiza kuti sakutaya madzi. Wogwira ntchito yolemetsa padzuwa amatha kutaya lita imodzi kapena kuposerapo pa ola. Chizindikiro ndi mizere yoyera ya mchere pamalaya, mutu kupweteka, ndi mkodzo wochepa wofiirira. Izi zikamachitika kawirikawiri impso zimavutika, ndipo timiyala ta mu impso timapezeka kwambiri m'madera otentha ndi ouma. Madzi okha sakwanira kwa amene watuluka thukuta tsiku lonse, pamafunikanso chakudya cha mchere, ndipo kwa amene wafooka madzi a Thanzi amathandiza. Munthu akayamba kusokonezeka mutu, kulankhula zosamveka kapena kukomoka chifukwa cha kutentha, m'dera lililonse, amuike pamthunzi, amuthire madzi thupi lonse, amukupize, n'kuthamangira naye kuchipatala.

Fani nayo imagwira ntchito mosiyana. Kudera lachinyezi imathandiza chifukwa imachotsa mpweya wonyowa umene wazinga khungu. Kudera louma lotentha madigiri 40 kupita m'tsogolo, fani yokha imangokuuzirani mpweya wotentha kuposa khungu lanu. Kumeneko yambani mwanyowetsa thupi kapena chitenje, kenako yatsani fani.

Usiku

Nthunzi ya mumpweya imagwira kutentha kumene nthaka imatulutsa dzuwa likalowa. Kumene mpweya uli wouma kutenthako kumathawira kumwamba, ndiye masana kutentha, usiku kuzizira. Ku Lilongwe mu Julayi masana mumavula juzi, m'bandakucha mukufunda mabulangete awiri. Ku Johannesburg, komwe kuli pamtunda wa mamita oposa 1,700, miyezi ya Juni ndi Julayi udzu umacha utayera ndi chisanu pamene masana dzuwa likuwala bwinobwino. Ku Durban, m'mbali mwa nyanja yofunda, usiku wa mu Febuluwale susiyana kwenikweni ndi masana. Izi zimakhudza thanzi, chifukwa thupi limene latenthedwa masana limadalira usiku kuti lipume. Usiku ukakhala wa chitungu masiku angapo otsatizana, okalamba, makanda, amayi oyembekezera ndi odwala mtima ndi amene amayamba kugwa. Usiku wozizira wa kouma uli ndi msampha wakenso, wa mbaula ya makala m'chipinda chotseka: mpweya wake woipa ulibe fungo ndipo umapha anthu ali mtulo.

Nyumba

Anthu a m'madera ouma anaphunzira kalekale kumanga makoma ochindikala a dothi okhala ndi mawindo aang'ono. Ku Djenné m'dziko la Mali ndi ku Yazd m'dziko la Iran nyumba zake ndi zotero. Khoma lochindikala limachedwa kutentha masana, ndipo pamene kutenthako kukufika m'kati kunja kwayamba kale kuzizira. M'madera achinyezi njirayi siyenda, chifukwa usiku suzizira mokwanira kuti khoma litaye kutentha kwake. Kumeneko chofunika ndi mphepo: mawindo akuluakulu oyang'anizana, denga lalitali, khonde lalikulu loteteza makoma ku mvula, ndipo m'mayiko ena nyumba zimaimikidwa pamitengo kuti mpweya uzidutsa ndi pansi pomwe.

Nyumba imene ambiri tikumanga masiku ano, ya njerwa mzere umodzi, malata opanda siling'i ndi timawindo tokhala totseka chifukwa cha akuba, imalephera konsekonse. Malata amatentha masana n'kumawotcha anthu kuchokera kumwamba, usiku amazizira msanga n'kumadontha. Denga la udzu linkachita bwino pa kutentha, kungoti limafuna kufolera kawirikawiri ndipo limaopa moto. Sindikunena kuti tibwerere ku udzu, koma siling'i, ngakhale ya mphasa kapena ya nsungwi, timabowo ta mpweya pamwamba pa makoma, ndi mtengo wa mthunzi kumadzulo kwa nyumba zimasintha zinthu kuposa matailosi a pansi amene timathamangira. Ndipo amene akumanga kudera lonyowa asalole mmisiri kudumpha pepala lakuda la pulasitiki lija loyala pamwamba pa fawundeshoni. Popanda limenelo madzi a m'nthaka amakwera m'njerwa, penti imasupuka m'munsi mwa khoma, ndipo ngakhale mupake kangati imasupukabe. Kouma vuto la mmisiri ndi lina: simenti imafuna madzi kuti ilimbe, ndiye konkire ikauma msanga imang'aluka, ndipo imafunika kuthiriridwa kwa sabata kapena kuposerapo.

Pali kusiyana kumodzi kumene kumandichititsa kunena kuti, pa nkhani ya kutentha yokha, dera louma ndi losavuta kwa munthu wosauka. Kuwonjezera madzi mumpweya n'kotchipa, kuwachotsamo kumafuna magetsi. Mtsuko wadothi umaziziritsa madzi chifukwa ena amatulukira m'timabowo ta dothilo n'kuuma, ndipo umagwira bwino ntchito mu Seputembala kuposa mu Febuluwale. Kumpoto kwa Nigeria, mphunzitsi wina dzina lake Mohammed Bah Abba anafalitsa m'zaka za m'ma 1990 njira yoika mphika m'kati mwa mphika unzake, pakati pake mchenga wonyowa, kuti tomato ndi masamba zikhalitse popanda firiji. Njirayi imayenda kouma. Kudera lachinyezi mchengawo suuma, ndiye suziziritsa kanthu. Kumeneko chothandiza kotheratu ndi makina oziziritsira mpweya, amene amafinya madzi n'kumawadonthezera panja kudzera m'kapaipi, ndipo amadya magetsi amene ambiri tilibe. Komabe dera louma limalipiritsa kwina: mjigo wakutali, chitsime chouma mu Okutobala, lupsa, ndi chimanga chopserera m'munda mvula ikadula.

Nkhokwe, chigafa ndi thandala

Mlimi amadziwa nkhani ya chinyezi kuposa wina aliyense. Chimanga chimasungika bwino madzi ake akatsika kufika pa 13 peresenti, ndipo mbewu imasinthana madzi ndi mpweya umene yazunguliridwa nawo. Mpweya ukamakhala pamwamba pa 70 peresenti masiku ambiri, chimanga sichifika pamenepo ngakhale muchiyanike, ndipo chouma kale chimayambanso kuyamwa. Ku Kasungu ndi Lilongwe kukolola kumagwirizana ndi kuyamba kwa nyengo youma, ndiye chimanga chimatha kuumira pamikukwe. Ku Nkhata Bay ndi Mulanje mvula ndi chiperoni zimapeza zokolola zili pabwalo. Chinangwa, chimene anthu a kunyanja amadalira pa kondowole, chili ndi ubwino woti chimasungika m'nthaka n'kumakumbidwa pang'onopang'ono.

Chimanga kapena mtedza wosauma bwino umachita chuku, ndipo mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu saphedwa ndi kuphika, amawononga chiwindi, amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo amapinimbiritsa ana. Mu 2004 kum'mawa kwa Kenya anthu 125 anamwalira atadya chimanga chimene chinakololedwa mvula ikugwa n'kusungidwa chisanaume. Chizolowezi chothira madzi mtedza kuti usavute kuswa chimaitana chuku chomwecho, ndipo kupereka chimanga chowola kwa nkhuku kapena ng'ombe sikuthetsa vuto, chifukwa poizoniyo amafika mpaka mumkaka. Kudera louma nakonso kuli njira yake yolowera: mtedza umene wakumana ndi ng'amba uli pafupi kukhwima umagwidwa mosavuta ukadali m'nthaka.

Pali njira yapafupi yoyezera. Tengani botolo lagalasi louma, ikanimo chimanga chotonola ndi mchere wouma pang'ono, tsekani, khutchumulani, kenako lisiyeni kwa kanthawi. Mchere ukamatirira kugalasi, chimangacho chikadali ndi madzi. Matumba osalowa mpweya a PICS amapha anankafumbwe popanda mankhwala, koma sachotsa madzi. Chimanga chonyowa chikatsekeredwa mmenemo chimawonongekabe.

Fodya wa bale amaonetsa mbali zonse ziwiri. M'chigafa amafunika kuuma pang'onopang'ono. Kukauma kwambiri tsamba limauma mofulumira lisanasinthe bwino mtundu, kukanyowa kwambiri limawola pamikangala. Akauma, mlimi sangamugwire masana chifukwa amangofumbutuka, ndiye amadzuka m'bandakucha kukasankha tsamba litafewa ndi chinyezi cha usiku. Asodzi nawo amadziwa kuti usipa umene umauma bwino pathandala mu Seputembala umatha kuwola mu Januwale, ndipo pamenepo ambiri amathawira kuwamba, zimene zimadya nkhuni. Mfutso wa m'zikwatu ndi ufa woyera woyanika pamphasa zimadaliranso mpweya wouma. Ngakhale ng'oma imamva: kukachita chinyezi chikopa chimafooka, ndiye oimba amaiwamba pamoto kuti ilire.

Matenda

Udzudzu wofalitsa malungo umauma n'kufa msanga mumpweya wouma. Kachirombo ka malungo kamafuna masiku 10 kapena kuposerapo m'thupi la udzudzu kasanafike poti n'kupatsira munthu, ndiye kumene kuli kofunda ndi konyowa udzudzu wambiri umakhala ndi moyo mpaka kufika pamenepo. N'chifukwa chake m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire malungo savuta m'dzinja mokha. Chinyezi chimakondedwanso ndi chipere, zilonda za pakati pa zala za kumapazi, ndi tinsungu toyabwa ta ana tobwera thukuta likatsekeka pakhungu. Ntchentche ija yoikira mazira pazovala zonyowa, makamaka zoyanikidwa pansi, imachuluka nthawi ya mvula, ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu. Kusita zovala zonse, ngakhale matewera, kumapha mazirawo.

Kouma khungu limatuwa, milomo imang'aluka, zidendene zimachita zikang'a, ana amatuluka kamfuno chifukwa m'mphuno mwauma. Fumbi limadzutsa chifuwa ndi mphumu. Matenda a maso a trachoma amakonda madera afumbi osowa madzi osamba kumaso, ndipo Malawi inatsimikizidwa ndi bungwe la WHO mu 2022 kuti yawathetsa monga vuto la dziko. Kumtunda kwa Africa, kuchokera ku Senegal mpaka ku Ethiopia, miliri ya matenda oumitsa khosi imabuka nthawi ya mphepo youma yafumbi ya harmattan n'kuzilala mvula ikayamba. Katemera amene anayamba kuperekedwa kumeneko mu 2010 anachepetsa kwambiri mtundu umene unkavuta koposa.

Amene asamukira kunja

Wofika kumene ku Johannesburg nthawi yozizira amadabwa khungu likuyabwa, mphuno ikuuma, ndi kathetheka komulasa akagwira chitseko cha galimoto. Mpweya wouma sulola magetsi odziunjikira pazovala kutuluka pang'onopang'ono, ndiye amatulukira kamodzi. Mafuta odzola okhuthala, opaka thupi likadali lonyowa pang'ono, amathandiza kuposa opaka litauma kale. Wopita ku Durban kapena ku Beira amapeza nsapato zachikopa zitamera chuku m'kabati, mchere utaundana, machesi osayaka, ndi dzimbiri likudya njinga.

Ku Britain vuto lake ndi lachilendo kwa ife, chifukwa tinazolowera kuti chinyezi chimayenda ndi kutentha. Kumeneko kunja kumazizira, ndipo munthu wochokera kwathu amatseka mawindo onse kuti asunge kutentha kumene akulipira modula. M'nyumbamo akupuma, akuphika nyemba kwa maola, akusamba madzi otentha, akuyanika zovala pahita. Banja limodzi limathira malita angapo a madzi mumpweya wa m'nyumba tsiku lililonse. Mpweya wofundawo ukakhudza galasi kapena khoma lozizira umataya madzi ake, ndipo kuseri kwa kabati ndi m'makona mumamera chuku chakuda. Mu 2020 mwana wa zaka ziwiri ku Rochdale anamwalira ndi vuto la kupuma, ndipo mu 2022 wofufuza za imfa anagamula kuti chinachititsa ndi chuku cha m'nyumba imene banjalo linkachita lendi. Nkhaniyi inachititsa kuti ku England akhwimitse lamulo lokakamiza eni nyumba za makhonsolo ndi mabungwe kukonza chinyontho mwachangu. Chuku chambiri chimachokera ku nyumba yomangidwa molakwika kapena yodontha, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mwini nyumba, choncho wochita lendi adziwitse mwini nyumbayo polemba, osangolankhula pakamwa.

Mbali imene wokhalamo angathe ndi yotulutsa madziwo. Kutsegula windo kunja kukuwaza mvula kumaoneka ngati misala, koma mpweya wa madigiri 5, ngakhale utadzaza mpaka 100 peresenti, uli ndi magalamu osakwana 7 m'bokosi lija. Ukalowa m'nyumba n'kutenthedwa kufika madigiri 20, chinyezi chake chimatsikira pafupi ndi 40 peresenti. Mphindi zochepa za mawindo otsegula m'mawa ndi pomaliza kuphika, kuvundikira mapoto, ndi kusiya mpata pakati pa kabati ndi khoma zimachotsa madzi ambiri. Kachipangizo koyezera chinyezi n'kotchipa, ndipo m'nyumba yogona anthu nambala yake izikhala pakati pa 40 ndi 60 peresenti.